Ophunzira akubwera ku uphungu zotsatira zitatuluka kale: tiwapeze bwanji msanga?

Mlangizi wa ophunzira, Chipata:
Anzanga pa ntchito, ndikupempha nzeru zanu. Pa sukulu yathu ya ukachenjede ophunzira ambiri amafika ku ofesi yanga zotsatira za mayeso zitatuluka kale, atauzidwa kuti abwereze kosi. Tikakhala pansi ndimapeza kuti vuto linayamba kalekale: tulo tinasowa, chakudya chinasiya kulowa, ndipo mwana ankakhala ndi buku mpaka usiku osagwirapo kanthu. Ambiri ndi ana a alimi amene fizi yawo imadikira kuti chimanga, soya kapena mtedza zigulidwe, ndipo chilala cha 2024 chinasiya mabanja ena m'ngongole zazikulu. Kodi inu mumawapeza bwanji asanafike polephera?

Mphunzitsi wa pa koleji ya aphunzitsi:
Amayi, ife aphunzitsi ndi amene timaona zizindikiro poyamba, koma sitidziwa kopita nazo. Wophunzira amene ankakhala kutsogolo akayamba kubisala kumbuyo, n'kulephera kupereka ntchito ziwiri zotsatizana, timafulumira kunena kuti wayamba ulesi. Ndikuganiza kuti malikisi a pakati pa semesita akalowa, mphunzitsi aliyense azikutumizirani mayina a amene atsika mwadzidzidzi. Ndionjezere kuti a chaka chomaliza chimawadya kwambiri ndi nkhani ya ntchito. Boma litalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022 ambiri analimba mtima, koma amaonabe akulu awo a madipuloma akugulitsa salaula pa msika wa Kapata, ndipo amatifunsa poyera kuti akulimbikiriranji.

Namwino wa matenda a maganizo:
Bambo, kuyang'ana malikisi ndi nzeru yabwino, koma za mndandanda wa mayina sindikugwirizana nazo. Pepala lotere likadutsa m'manja mwa anthu atatu limasanduka nkhani ya pa sukulu ponse, ndipo wachinyamata amene anzake ayamba kumunong'oneza kuti mutu wake sukuyenda sadzapondanso pa khomo la amayiwa. Lamulo la Zambia la Mental Health Act la 2019 limatsindika ulemu ndi ufulu wa munthu wovutika maganizo, choncho mphunzitsi ayambe wacheza naye payekha ndi kumupempha chilolezo asanatchule dzina lake kwa wina aliyense.

Akafika kwa inu, Amayi, gwiritsani ntchito PHQ-9, pepala la mafunso loyezera matenda a kukhumudwa (depression). Ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo, malikisi ake amayambira pa 0 kufika pa 27, ndipo amene wapeza 10 kapena kuposa afunika kuonedwa mozama. Funso lomaliza, la maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, musalilumphe chifukwa cha manyazi. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo tsiku lomwelo mupite naye ku Chipata Central Hospital. Nambala ya foni yaulere ya bungwe lopereka uphungu la Lifeline, 933, ilembedwenso pa zitseko za m'mahositelo, pakuti nkhawa zambiri zimakula usiku ofesi yanu itatsekedwa.

Mphunzitsi:
Ndamva, Amayi anamwino, ndipo za mndandanda ndazisiya. Koma aphunzitsi anzanga afunika kuphunzitsidwa mawu oyambira, chifukwa ena akaitana mwana amayamba ndi kukalipa.

Mlangizi:
Zikomo nonse. Ndipempha akuluakulu a sukulu andipatse ola limodzi pa msonkhano wa aphunzitsi semesita isanayambe, kuti tiyeserere limodzi kachezedwe kameneka. Ndipemphanso ofesi ya zachuma kuti amene akudikira malonda a mbewu azilipira fizi pang'onopang'ono, m'malo mowatsekera kunja pa tsiku la mayeso. A chaka chomaliza ndiwaitanira omaliza maphunziro akale, olembedwa ntchito ndi odzilemba okha, adzawafotokozere mmene anayendera. Amayi anamwino, ngati muli ndi PHQ-9 ya m'Chinyanja, chonde nditumizireni, chifukwa ena amamasuka bwino m'chiyankhulo chathu.