Gulu la banja: za kamakina koyezera shuga ka Amayi

Lachisanu madzulo

Amake mapasa, Chibavi: Amalume, achimwene, alamu ndi nonse a pagulu pano, landirani moni kuchokera kuno ku Mzuzu. Ndabwera ndi nkhani ya Amayi, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane mofatsa mpaka tipeze chochita. Kamakina koyezera shuga kamene achimwene a ku Johannesburg anatumiza mwezi wathawu kakadali m'bokosi pamwamba pa kabati. Lachitatu tinali ku kiliniki ya shuga ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo adokotala atamva kuti kunyumba kuli kamakina anapempha kuti Amayi aziyezedwa m'mawa uliwonse asanadye kanthu kwa masabata awiri, manambala tizilemba m'kope, kuti tikabwerera akaone ngati mankhwala akuwayenera. Kumeneko Amayi anavomera, koma titafika kunyumba anandiuza kuti zala zawo si nsalu yoti munthu azingoiboola tsiku ndi tsiku. Dzulo ndi lero ndayesa kuwanyengerera, akana.

Chisamba, Lilongwe: Zikomo achemwali potidziwitsa. Ine zikundivuta kumvetsa, chifukwa Amayi atilera ndi makina osokera, ndipo singano yawabaya nthawi zosawerengeka popanda kudandaula. Mukawauze kuti ndanena ine kuti mawa m'mawa ayezedwe, popeza shuga si matenda ochita nawo masewera.

Mzime, Johannesburg: Ngati vuto lili pa kamakinako mundiuze, ndifunefune kena. Ndinatumiza pamodzi ndi kabotolo ka timapepala toyezera 50 ndi paketi ya timasingano.

Amalume, Ntcheu: Ana anga, musathamangire kulamula. Ine ndi achemwali angawo tikudwala matenda amodzi, ndipo chala ndimadzibaya ndekha, choncho ndawaimbira foni nditangoona uthenga woyambawu. Tacheza nthawi yaitali. Kasinganoko akukaopa ndithu, sindikana, koma chimene chikuwasowetsa tulo ndi nambala imene ituluke. Akuti ikatuluka yokwera, adokotala awaika pa jakisoni wa tsiku ndi tsiku, ndipo inu ana muwalanda tiyi, nsima ndi mbatata, n'kumawayang'ana pakamwa ngati mwana wakuba ndiwo. Akuti bola kusadziwa kusiyana ndi kuzengedwa mlandu m'mawa uliwonse m'nyumba mwawo momwe. Ndiye inu a ku Lilongwe, uthenga wanuwo usawafikire momwe mwaulembamo, chifukwa ungotsimikizira zimene akuopazo.

Amake mapasa, Chibavi: Amalume, pamenepo ndavomera kulakwa. Pa ukwati wa ku Katoto uja ndinawalanda botolo la Fanta pamaso pa anzawo a kutchalitchi, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani ya shuga sayankhula nane momasuka.

Alamu anamwino, Kasungu: Ndapereka ulemu kwa akuluakulu nonse. Ndiloleni ndiyambe ndi za ululu, chifukwa anthu ambiri amene amakana kuyezedwa anapwetekedwapo kamodzi, ndipo nthawi zambiri chimalakwika ndi kabayidwe. Pakatikati pa nsonga ya chala, pamene timakhudzira zinthu, ndi pamene pamamva kuwawa kwambiri, kotero tibaye cham'mbali, pang'ono kutalikira chikhadabo. Kwa Amayi tisiye chala chachikulu ndi chamkombaphala, zomwe amagwirira singano ndi nsalu, tigwiritse ntchito chapakati, champhete ndi chaching'ono. Chala chilichonse chili ndi mbali ziwiri, ndiye manja onse awiri atipatsa malo 12, kutanthauza kuti malo amene tabaya lero adzapuma masiku ambiri tisanabwererepo.

Kachipangizo kooneka ngati cholembera kamene timaikamo kasingano kali ndi manambala osonyeza kuya kwake. Muyambe ndi nambala yaing'ono, muwonjezere pokhapokha magazi akakana kutuluka. Kasingano kazikhala katsopano nthawi iliyonse, chifukwa kakabaya kamodzi kamabuntha, ndipo kobuntha ndi kamene kamapweteka. Musabwerekane kasingano kapena kachipangizoko ndi munthu wina aliyense, ngakhale mnansi atapempha kuti naye aone shuga wake, popeza matenda oyenda m'magazi monga a chiwindi ndi HIV akhoza kufala motero.

Chinanso ndi kuzizira kwa Mzuzu. M'mawa wa nkhungu zala zimakhala zozizira ndipo magazi satuluka msanga, ndiye munthu amayamba kufinya chala mwamphamvu kapena kubaya kachiwiri, apo ndiye Amayi adzakaniratu. Asambe m'manja ndi sopo ndi madzi ofunda, apukute mpaka ziume, agwetse dzanja pansi kwa kanthawi, kenako muwasisite pang'onopang'ono kuchokera pachikhatho kulowera kunsonga. Kusambako kuli ndi ntchito inanso: akagwira nthochi, mango kapena nzimbe, shuga wotsalira pakhungu amakweza nambala, n'kutiopseza pachabe. Kadontho kofunika n'kakang'ono kwambiri.

Mdzukulu, Luwinga: Agogo a ku Ntcheu, amalume ndi azakhali, moni. Ine ndikhoza kumagona ku Chibavi masabata awiriwa n'kumawayeza ndisanapite ku makalasi, chifukwa Agogo amamasuka nane. Koma pali chimene chandisokoneza. M'buku lawo la kuchipatala munalembedwa 214, pomwe pa chithunzi cha bokosi la kamakinaka pali 5.8. Agogo ataona zimenezi anati chimodzi mwa ziwirizi chikunama.

Alamu anamwino, Kasungu: Palibe chikunama, mwana wanga, miyezo ndiyo yosiyana, monga kuyeza chimanga pa ndowa kapena pa sikelo. Makina ena amawerenga mu mg/dL, ena mu mmol/L, ndipo a ku South Africa amakhala a mmol/L. Ukagawa nambala ya mg/dL ndi 18 umapeza ya mmol/L, ndiye 214 ija ndi pafupifupi 11.9 pa kamakina kathu. Uzilemba nambala monga yatulukira, ndipo pamwamba pa kope ulembe kuti ndi mmol/L. Kwa akuluakulu ambiri odwala shuga, m'mawa asanadye timafuna nambala ikhale pakati pa 4 ndi 7, ndipo patatha maola awiri chidyereni isapitirire 10. Kwa okalamba adokotala nthawi zina amalolera nambala yokwererapo, choncho mukafunse malire a Amayi enieniwo. Alamu, kodi akumwa mankhwala ati pakadali pano?

Amake mapasa, Chibavi: Akumwa metformin ndi glibenclamide. Ndipo mwandikumbutsa kuti Lamulungu lina mwezi wathawu anapita kutchalitchi atamwa mankhwala koma osadya, pobwera anali kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuti chizungulire. Tinkayesa malungo, koma atamwa tiyi ndi kudya anakhala bwino.

Alamu anamwino, Kasungu: Nkhani imeneyi ndi yaikulu, ndipo mukaifotokoze kwa adokotala. Metformin payekha kawirikawiri satsitsa shuga mopyola muyezo, koma glibenclamide amatha kutero, makamaka kwa munthu wachikulire amene wadumphitsa chakudya. Zimene mwafotokozazo zikufanana ndi kutsika kwa shuga, ngakhale popanda kuyeza sitingatsimikize. Nambala ikafika pansi pa 4, kapena zizindikirozo zikabweranso, muwapatse msanga madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kapena theka la botolo laling'ono la Fanta, muyezenso pakatha mphindi 15, ndipo ikakwera adye chakudya. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nawo kuchipatala. Mukawafotokozere Amayi kuti kamakinaka kakhozanso kuwaikira umboni kuti mankhwala achuluka ndipo afunika kuchepetsedwa. Za jakisoni, palibe amene amaikidwa pa insulin, mankhwala a shuga obaya aja, chifukwa cha nambala imodzi ya kunyumba. Adokotala amaona manambala a masiku ambiri, ndipo kumene kuli kotheka amayezanso HbA1c, imene imasonyeza mmene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Amalume, Ntcheu: Ndiye Fanta imene munawalanda ija ili ndi tsiku lake. Mfundo iyi ndi imene ndikawatengere, chifukwa achemwali anga amaganiza kuti kamakina kamangodziwa kutsutsa munthu. Ine kanandisonyeza kuti nsima ya mgaiwa ya mlingo wabwino ndi ndiwo zamasamba zambiri sizindivuta kwenikweni, koma thobwa lothira shuga ndi limene limandikwezera. Sindinasiye kudya, ndinangodziwa mdani wanga, ndipo maso ndi mapazi anga akadali bwino.

Chisamba, Lilongwe: Amalume, ndamva ndipo ndabweza mawu anga aja. Ndinayankhula ndi mantha, chifukwa ndaonapo anthu akutaya maso ndi miyendo kaamba ka matendawa. Tsopano tikonze za ndalama. Timapepala 50 tikwanira masabata awiriwa n'kutsalako, koma pambuyo pake tidzafunika tina, ndipo ndamva kuti kamakina kalikonse kamalandira timapepala ta mtundu wake wokha. Achemwali, mawa mutenge bokosilo mukazungulire mafamase a m'tauni, mukafunse ngati ali nato komanso mtengo wake. Mukatiuza, tigawana anayi tonse mofanana, ndipo tizitumiza kwa inu pa Airtel Money kapena Mpamba kumapeto kwa mwezi.

Mzime, Johannesburg: Akakhala kuti ku Mzuzu kulibe, ndizipatsira anthu obwera kumudzi. Pempho langa ndi lakuti mdzukuluyu azijambula nambala m'mawa uliwonse n'kuiponya pagulu pano, kuti nafenso akutali mitima izikhala m'malo.

Amalume, Ntcheu: Ayi mwana wanga, pamenepo ndakana. Nambala ikangofika pagulu, mafoni asanu alira ku Chibavi dzuwa lisanakwere, aliyense akufunsa kuti Amayi munadya chiyani dzulo, ndipo tibwerera pomwe tayambira. Thupi ndi lawo, manambalanso ndi awo. Alembedwe m'kope, aziwaona alamu anu anamwino ndi adokotala, ndipo mwiniwake akafuna kukuuzani adzakuuzani yekha.

Mzime, Johannesburg: Kwa ife akutali n'zowawa, amalume, chifukwa chimene timatha ndi kutumiza zinthu ndi kudikira uthenga. Komabe ndamvera. Ndingopempha kuti pakachitika choopsa tisabisiridwe.

Alamu anamwino, Kasungu: Zimenezo ndazisenza ine. Mdzukulu azinditumizira kumbali, ndipo ndikaona nambala yotsika pansi pa 4, kapena yokwera kwambiri masiku otsatizana, ndidzauza alamu a ku Chibavi kuti asadikire tsiku la kiliniki, nonse ndidzakudziwitsani. Kabotolo ka timapepala kazitsekedwa mukangotulutsa kamodzi, kasakhale kukhitchini kapena pawindo, chifukwa chinyezi ndi kutentha zimatiwononga, ndipo muone tsiku lotha ntchito. Timasingano togwiritsidwa kale muziponya m'botolo lolimba la chitsekerero, lotalikirana ndi ana, mukalisiye kuchipatala.

Loweruka masana

Amake mapasa, Chibavi: Ndazungulira m'tauni, ndipo famase imodzi mwa zitatu zimene ndalowa ili ndi timapepala ta mtundu wathu. Mtengo ndatumiza kwa achimwene a ku Lilongwe kuti awerengere gawo la aliyense. Ndapepesanso kwa Amayi za ku ukwati zija. Sanayankhe zambiri, koma andituma kuti nditsitse bokosi lija pa kabati.

Amalume, Ntcheu: Ndayankhula nawonso. Avomera, koma aika mfundo zawo zitatu: ndiyambe ine kudzibaya iwo akuonerera pa vidiyo, batani la kachipangizoko adine okha, ndipo pasapezeke wowafunsa zimene anadya. Ndavomera m'malo mwa nonse, ndiye musandichititse manyazi. Mdzukulu, ukonzeke mawa 6 koloko m'mawa, madzi ofunda akhale pafupi.

Lamulungu m'mawa

Mdzukulu, Luwinga: Zatheka. Agogo anasankha chala champhete cha kumanzere, anatseka maso n'kudina okha, kenako anandifunsa ngati kabaya kale. Koyamba kadontho kanachepa chifukwa ndinafulumira kugunditsa kapepala pa magaziwo, ndiye kapepala kamodzi kawonongeka, koma kachiwiri zinayenda popanda kubayanso. Nambala alemba okha m'kope, adya phala, ndipo tsopano akuvala za kutchalitchi.

Mzime, Johannesburg: Mulungu alemekezeke. Kodi yatuluka bwanji?

Amake mapasa, Chibavi: Achimwene, mwaiwala kale pangano la Lachisanu. Ili m'kope, ndipo alamu a ku Kasungu aiona. Amayi akuti muwaimbire madzulo akaweruka kutchalitchi, komanso ulendo wina mudzatumize timasingano tambiri, chifukwa paketi munatumizayi ili ndi 25 tokha.