Purosesa ikamakhazikika pa madigiri 95 pa ntchito yolemetsa, kodi ikuwonongeka?

Funso

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino zinthu zimenezi. Ndili ndi kompyuta yatsopano yokonzera mavidiyo, purosesa yake (kachipangizo kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera mu kompyuta) ndi Ryzen 9 7950X ya kampani ya AMD, ndipo imaziziritsidwa ndi cooler ya madzi yokhala ndi mafani atatu. Ikakhala kuti sikugwira ntchito iliyonse, pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa madigiri apakati pa 40 ndi 50, koma ndikangoyamba kukonza vidiyo yaitali ndi pulogalamu ya HandBrake, pamangopita masekondi ochepa kutenthako n'kufika madigiri 95, ndipo sikutsikanso mpaka ntchitoyo itatha. Ntchito zina zimatenga maola 6 kapena 8, moti ndimazisiya zikuyenda usiku wonse. Kompyutayi sinazimepo yokha, koma purosesa yanga yakale sinkapitirira madigiri 70, n'chifukwa chake mtima suli m'malo. Kodi malire otetezeka ndi ati kwenikweni, ndipo ndiyenera kusintha cooler?

Yankho loyamba

Khazikani mtima pansi, chifukwa zimene mukuonazo ndi mmene purosesa imeneyo anaipangira. Purosesa iliyonse ili ndi malire a kutentha amene opanga anaika, otchedwa Tjmax, ndipo malirewa si ofanana. Pa mapurosesa a Ryzen 7000 wamba ndi madigiri 95, pa 7800X3D ndi 89, pa 5800X3D ndi 90, pomwe mapurosesa ambiri a Intel Core a pa desiki amalekezera pa 100. Choncho funso lakuti madigiri angati ndi otetezeka lilibe yankho limodzi mpaka munthu atatchula purosesa imene akunena.

Chimene chinasintha kuchokera pa purosesa yanu yakale ndi khalidwe lake. Zakale zinkayenda pa liwiro loikidwiratu, ndipo kutentha kunkangotsatira. Zamakonozi zimadzikwezera liwiro zokha, pa AMD kudzera mu njira yotchedwa Precision Boost, mpaka zitagunda malire amodzi mwa atatu: a mawati, a kuchuluka kwa magetsi odutsamo, kapena a kutentha. Purosesa yanuyo amailola kukoka mawati mpaka 230, ndipo kawirikawiri imayamba kugunda malire a kutentha isanafike pamenepo. Pamene mapurosesawa ankatuluka mu 2022, a AMD ananena poyera kuti anawapanga kuti azitha kugwira ntchito pa madigiri 95 usana ndi usiku. Mukagula cooler yamphamvu kuposa imene muli nayoyo, n'kutheka kuti mudzaonabe 95 yemweyo, kungoti purosesa idzathamanga mowonjezera pang'ono.

Chinanso n'chakuti kutenthako kumachokera pa malo ochepa kwambiri. Ma core 16 a purosesa yanuyo, amene ndi timagawo togwira ntchito yowerengera, onse ali pa tizidutswa tiwiri ta silikoni, kalikonse ka masikweya milimita pafupifupi 70, ndipo pamwamba pake pali chivundikiro chachitsulo chochindikala. Kutentha kumavutika kuchoka pa malo ochepa chonchi, n'chifukwa chake nambala imadumpha m'masekondi pamene madzi a mu cooler akadali ozizira.

Yankho lachiwiri

Zimene anena anzathuwa n'zoona, koma ndikuopa kuti wofunsa angamve ngati 95 aliyense ndi wabwino. Purosesa yoziziritsidwa bwino ndi ina imene cooler yake sinakhale bwino zonse zidzaonetsa 95, popeza pamenepo ndi pamene purosesa imayamba kudziletsa yokha. Kusiyana kwake kumaonekera pa mawati ndi pa liwiro. Tsegulani HWiNFO ntchito ili mkati, muone mawati amene purosesa ikukoka komanso liwiro lenileni la ma core onse. Ngati ikukoka mawati 200 kapena kuposerapo ndipo liwiro lili cha m'ma 5 GHz, cooler yanu ikugwira ntchito yake. Koma ngati yafika 95 ikukoka mawati 120 okha, liwiro lili pansi kwambiri, ndiye kuti kutentha sikukutuluka, ndipo pamenepo m'pofunika kufufuza.

Ndikunena izi chifukwa zinandichitikirapo. Ndinamanga cooler yatsopano nditaiwala kuchotsa kapulasitiki koonekera kamene kamamatidwa kunsi kwake, ndipo ndinatha masiku awiri ndikusintha liwiro la mafani pachabe. Zina zimene zimachititsa vutoli ndi pampu yosayenda, zomangira zothinitsidwa mbali imodzi, thermal paste (phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi cooler) yochepa kapena youma, ndi fumbi lotseka radiator, pamene mafani amaziziritsira madziwo. Kumbukiraninso kuti cooler, ngakhale ya madzi, pamapeto pake imatayira kutentha mumpweya wa m'chipinda, choncho chipinda chikatentha ndi madigiri 5, purosesa nayo imakwera ndi madigiri pafupifupi omwewo pa ntchito yofanana, ngati sinafike kale pa malire ake.

Musayese ndi pulogalamu ya Prime95 pa mayeso ake a Small FFTs n'kuchita mantha ndi zotsatira zake, chifukwa mayeso amenewo amapanikiza purosesa kuposa ntchito zambiri zenizeni. Pulogalamu ina yoyesera ya Cinebench yoyenda mphindi 10 imafanana kwambiri ndi ntchito yanuyo.

Yankho lachitatu

Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono. Sindikutsutsa kuti 95 ali mkati mwa malire, ndiponso purosesa ili ndi chitetezo chachiwiri: kudzichepetsera liwiro kukalephera, imazimitsa kompyuta yonse isanapse. Komabe kukhala mkati mwa malire ndi nkhani ina, ndipo kukhala pa malire enieniwo maola 8 usiku uliwonse ndi nkhani inanso. Silikoni imakalamba. Magetsi akamadutsa mu timizere tachitsulo ta mkati mwa purosesa amasuntha ma atomu pang'onopang'ono, zimene akatswiri amati electromigration, ndipo zimenezi zimafulumira kutentha kukakwera komanso magetsi odutsamo akachuluka. Opanga amawerengera zimenezi poika malire awo, choncho sindikunena kuti purosesa yanu ifa chaka chamawa. Ndikungoti palibe chifukwa cholipirira mtengo umenewo pamene phindu lake ndi lochepa.

Mawati omalizirawo ndi odula kwambiri. Kuti purosesa iwonjeze liwiro pang'ono chabe imafuna voliteji yokwera, ndipo mphamvu imene imasanduka kutentha imakula mofulumira kuposa volitejiyo. Mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kuyenda kompyuta ikangoyatsidwa, muli Eco Mode, imene imatsitsa purosesa yanuyo kuchoka pa TDP ya mawati 170 kufika pa 105 kapena 65 (TDP ndi mlingo wa kutentha kumene cooler iyenera kuchotsa, osati malire a mawati amene purosesa ingakoke). Pa 105 kutentha kumatsika kwambiri, mafani amachepetsa phokoso, ndipo liwiro limene mumataya ndi laling'ono poyerekeza ndi magetsi amene mwasunga. Mukhozanso kungouza BIOS kuti malire a kutentha akhale 85, kapena kutsitsa voliteji ndi Curve Optimizer, ngakhale njira yomalizayi imafuna kuyesa modekha chifukwa mukatsitsa mopitirira kompyuta imayamba kuzima yokha.

Ndipo ngati pali chinthu choyenera kuchiopa kuposa kutentha, ndi voliteji. Vuto limene linapezeka mu 2024 pa mapurosesa ena a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 linakhudza voliteji yokwera mopitirira imene inkawononga purosesa pang'onopang'ono, ndipo linakonzedwa ndi microcode yatsopano, malangizo oyendetsera purosesa, yobwera kudzera mu BIOS. Munthu wongoyang'ana madigiri sakanaliona.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana monga mwanenera, ndipo pa 95 purosesa ikukoka mawati opitirira pang'ono 210, liwiro lili pafupi ndi 5.1 GHz pa ma core onse, kutanthauza kuti cooler ilibe mlandu. Ndayesanso Eco Mode ya mawati 105, ndipo kutentha kwakhazikika cha m'ma 70, pomwe vidiyo yomwe ija yachedwa ndi mphindi zochepa zokha. Popeza ntchitozi zimayenda ine ndili mtulo, ndiisiya choncho. Kodi pali china chofunika kuchiyang'anira pa ntchito zotenga nthawi yaitali chonchi?

Yankho lachiwiri, kachiwiri

Yang'anirani VRM, zipangizo za pa motherboard (bolodi lalikulu limene purosesa imakhalapo) zimene zimapereka magetsi ku purosesa. Cooler ya madzi imachotsa fani pafupi ndi malo amenewo, choncho nthawi zina sizilandira mphepo, ndipo zikatentha kwambiri zimachititsa kuti liwiro litsike ngakhale purosesa ili yozizira. Onaninso SSD ya NVMe, chipangizo chosungira mafayilo chimene mumalembapo mavidiyowo, chifukwa zambiri anazipanga kuti zizigwira ntchito mpaka madigiri 70, ndipo zikatentha mopitirira zimadzichepetsera liwiro. HWiNFO ikhoza kulemba manambala onsewa mu fayilo usiku wonse, kuti m'mawa muone pamene chilichonse chinafika.