Mawu akuti "drive" ali ndi matanthauzo angati?

Wa Fomu 4:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mawu a Chingerezi akuti "drive" timawadziwa ngati kuyendetsa galimoto. Koma m'ndime ina yokonzekera mayeso a MSCE muli chiganizo chakuti "She lacks drive", pomwe nkhani yonseyo mulibe galimoto. Pa kompyuta palinso "hard drive", m'nyuzi amalemba "fundraising drive". Kodi ndi mawu amodzi kapena angofanana kalembedwe? Nanga pa mayeso tanthauzo loyenera ndingalizindikire bwanji?

Mphunzitsi wa Chingerezi:
Mwana wanga, ndi mawu amodzi. Galimoto zisanabwere, Angerezi ankanena kale "drive" pokamba za kukusa ng'ombe kapena nkhosa, munthu ali pambuyo, ziweto patsogolo. Gwero lake ndi kukankha chinthu kuti chipite kumene sichikanapita chokha, ndipo matanthauzo enawo akuchokera pamenepo.

Pa mayeso uyambe waona ngati ndi mneni kapena dzina. Akakhala mneni, yang'ana chomwe chikutsatira. Galimoto, basi, thirakitala, ngolo kapena sitima ya pamtunda, kumeneko ndi kuyendetsa. "Drive a nail" ndi kukhoma msomali. Pakabwera munthu kenako "away" kapena "out", ndi kuthamangitsa. Pakabwera munthu, kenako "to" ndi mneni wina, ndi kukakamiza: "Hunger drove him to steal" ndiye kuti njala inamuchititsa kuba. Kaumbidwe kameneka kamakonda zinthu zoipa monga kuba, kumwa ndi kutaya mtima. "You are driving me mad" ndi kunena kuti ukundisokoneza mutu, ndipo wina akakufunsa "What are you driving at?" akufuna ulunjike pa mfundo, usiye kuzungulira.

Akakhala dzina, ona ngati patsogolo pali "a". "She has drive" ndi khama lochokera mumtima, munthu wodzikankha yekha osadikira womutuma. Chiganizo chakocho chikunena mtsikana wopanda khama limenelo. Koma "a drive" kawirikawiri ndi ulendo wa pa galimoto kapena kampeni yosonkhetsa chinthu, monga ndalama kapena magazi. Polemba kutalika kwa ulendo amati "a four-hour drive", popanda "s" pa "hour", ndipo ophunzira ambiri amataya malikisi pomwepa. Nthawi yakale ndi "drove" ndi "driven", "drived" kulibe.

Makaniko wa ku Ndirande:
Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndiwonjezere za ku galaja. Kuno "drive" ndi njira imene mphamvu ya injini imadutsa kukafika ku mateyala. "Front-wheel drive" ndiye kuti akukoka ndi mateyala akutsogolo, monga magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan. "Rear-wheel drive" akukankha ndi akumbuyo, monga malole. "Four-wheel drive" onse anayi akulandira mphamvu, nchifukwa chake imatuluka m'matope. Chitsulo chotumiza mphamvuyo ndi "drive shaft". Chilembo D pa giya ya otomatiki chikuimira mawu omwewa.

Musasokoneze ndi "right-hand drive", amene sakukamba za mateyala koma mbali imene kuli chiwongolero. Ku Malawi timayenda kumanzere kwa msewu, choncho magalimoto athu chiwongolero chili kumanja.

Za kompyutazo nazonso n'za makina. Mu "hard drive" muli kamota kozunguza mbale zosungira zinthu, nthawi zambiri ka 5400 kapena 7200 pa mphindi. Dzinalo linakakamira mpaka pa fulashi ndi SSD (chosungira zinthu m'makompyuta amakono), zomwe mulibe chozungulira chilichonse, ngakhalenso pa Google Drive, pomwe zinthu zako zili pa intaneti. Pulinta ikakana kugwira ntchito n'kukuuza kuti palibe "driver", sikufuna dalaivala ayi, ikufuna kapulogalamu kolumikizitsa pulintayo ndi kompyuta.

Womasulira mabuku:
Pepani aphunzitsi, lamulo la "a" lija lili ndi pothawira. Amanena ndithu "a strong drive to succeed", tanthauzo lili la khama lomwe lija. Choncho pakatsatira "to" ndi mneni, mwanayu awerenge chiganizo chonse kuti aone ngati akukamba za mtima wa munthu mmodzi kapena kampeni ya gulu.

Koma vuto lalikulu kwa ife lili mbali inayo, pochoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi. Mawu athu akuti kuyendetsa ndi otakata kuposa "drive", ndiye timawathira paliponse. Wakabaza amayendetsa njinga, koma m'Chingerezi njinga yakapalasa ndi yamoto yomwe ndi "ride". Ndege ndi "fly". Kuyendetsa bizinesi kapena sukulu ndi "run", kuyendetsa msonkhano ndi "chair". Ndipo amene wakwera basi kupita ku Mzuzu sanganene "I drove to Mzuzu", chifukwa womva aganiza kuti iyeyo ndiye anali pa chiwongolero. Anene "I went by bus".

Ukaona chilembo chachikulu, monga Independence Drive ku Lilongwe, limenelo ndi dzina la msewu basi, usalimasulire.

Mphunzitsi wa Chingerezi:
Zoona bambo, "a drive to" ndinaidumpha. Mwana wanga, uwonjezerenso "driven" ngati mfotokozi. "A driven student" ndi wophunzira wakhama kwambiri, ndipo nthawi zina mawuwa amanyamula kachidzudzulo kakuti khamalo lapyola muyeso, munthu sakupumanso.