Switch imodzi ikafa skirini yonse imafiira, inu mumatani?

waya_wa_buluu:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndikuyang'anira zipangizo za netiweki pafupifupi 400, ma switch, ma router ndi ma access point, zonse zili mu Zabbix, pulogalamu yoyang'anira netiweki, ndipo ping (yoona ngati chipangizo chili moyo) ndi SNMP (yotengera ziwerengero ku chipangizo) zikuyankha bwinobwino. Koma chimodzi chikangofa zonse zimafiira, usiku wathawu foni yalira mameseji oposa 200, ine kudzuka mtima uli m'mwamba kuthamangira ku ofesi, kukapeza ndi switch imodzi yokha yomwe UPS yake (batire losungira magetsi) inatha moto. Ndingaone bwanji pomwe vuto layambira?

mkulu_wa_seva:
Achimwene simunaike ma dependency, osonyeza chipangizo chomwe chimadalira chinzake. Zabbix sidziwa kuti ma access point 60 aja amadutsira pa switch imeneyo pokhapokha mwaiuza, nde mu trigger (lamulo loyambitsa chenjezo) ya chilichonse cha kumunsi ikani kuti imadalira trigger ya switch ya kumtunda, ikafa ya kumtunda zinazo zimakhala chete. Ku Nagios, pulogalamu ina yofanana ndi Zabbix, timati parents, yofa imalembedwa DOWN koma zakumbuyo kwake UNREACHABLE. Ntchito yake ndi yotopetsa tsiku loyamba, ndisakunamizeni, koma tulo mudzagona.

nachi_ping:
Zoona. Komanso map yokhala ndi tizithunzi 400 ndi yongosangalatsa abwana basi, maso sangawerenge zimenezo. Ine ndinalumikiza Grafana, pulogalamu yojambula ma graph, ndi kuika State timeline, chipangizo chilichonse mzere wake, nde ukaona mizere 30 yafiira pa mphindi imodzimodzi umadziwiratu kuti ndi magetsi kapena uplink (waya wopita ku switch ya kumtunda), pomwe kamzere kamodzi kothothoka-thothoka tsiku lonse kawirikawiri ndi waya kapena SFP (kachipangizo kolowetsamo waya pa switch) yotopa. Ndipo musamalole ping imodzi yotayika kudzutsa munthu, zilephere zitatu motsatizana kaye.

mkulu_wa_seva:
Ndinaiwala, ngati ma graph anu ali ndi minga yodabwitsa onani ma counter. Counter ya ifInOctets, yowerenga data yolowa pa link, ndi ya 32-bit, pa link ya 1 Gbps yodzaza imabwerera pa ziro m'masekondi 34 okha. Gwiritsani ntchito ifHCInOctets ya 64-bit, koma imafuna SNMP v2c kapena v3.

waya_wa_buluu:
Eee minga ija ndimayesa ndi ana akudawuniloda mafilimu kkkk. Ndayamba ndi ma dependency a nyumba imodzi, mawa ndizula uplink dala nthawi ya nkhomaliro tione mameseji abwera angati.

nachi_ping:
Muwauze kaye abwana musanazule aise.