Dragonball Evolution: mawu anga akukwirira ndewu, ndithandizeni

Wa ku Ndirande:
Akuluakulu, moni nonse. Mwini video show wina wandipatsa ntchito yoika Chichewa pa Dragonball Evolution, ija ya 2009 ya James Wong. Akufuna aziionetsa Loweruka masana ana akachuluka. Ndi yaifupi, mphindi 85 basi, koma yandivuta pawiri. Ndikaikapo mawu anga, ndewu zikumveka ngati zikuchitikira kuseri kwa khoma. Komanso ana a pakhomo amene anaonera katuni ya Dragon Ball akundipanikiza kuti mchira wa Goku uli kuti, mnzake Krillin ali kuti. Ndiziwonjezera nkhani ya m'katuni pofotokoza kapena ayi?

Wa ku Kawale:
Achimwene, mukugwiritsa ntchito chiyani?

Wa ku Ndirande:
Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu. Ndimatsitsa mawu a filimu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, anga n'kukhala pamwamba.

Wa ku Kawale:
Vuto lili pamenepo. Ikani track ya mawu anu pansi penipeni pa ya filimu, musankhe ya filimu yokha, ndiye mupite pa Auto Duck. Imatsitsa filimu mukamalankhula, mukasiya imakwezanso yokha. Mlingo wotsitsira mawuwo umabwera uli pa -12 dB, koma za karate ine ndimaika -8. Pa Maximum pause chepetsani ifike theka la sekondi, kuti mukangopuma nkhonya ibwerere msanga.

Wa ku Zomba:
Zimene anena a ku Kawalezo ndi zoona, koma makinawo amakweza filimu pokhapokha inu mwatseka pakamwa. Ambirife timaopa kukhala chete, timaganiza kuti mwini ntchito aona ngati tikumubera. Taonani ndewu ya kuphwando la Chi-Chi, mtsikana amene Goku akumufuna. Goku analonjeza agogo ake Gohan kuti samenya munthu, ndiye anyamata ovutitsa anzawo aja akamuponyera nkhonya iye akungozinda, iwo n'kumamenyana okhaokha, mpaka wina kuphwanya galimoto yake yomwe ndi chitsulo. Chimene mwana akufuna kumva pamenepo ndi galasi likusweka. Inu nenani za lonjezolo ndewu isanayambe, chiganizo chimodzi chokha, kenako musiye mpaka ithe. Chitaninso chimodzimodzi poyambirira paja, Goku ndi agogo ake akulimbana ataima pa zingwe.

Wa ku Mzuzu:
Pa za katuni ine ndikuti muziwonjezera. Anawo amabwera chifukwa cha Goku amene amamudziwa, osati Justin Chatwin amene akusewera Goku muno. Filimuyi ngakhale amene anailemba, Ben Ramsey, anapepesa kwa okonda Dragon Ball mu 2016. Ndiye ife tikuiopa chiyani?

Wa ku Zomba:
Achimwene a ku Mzuzu, kuti filimuyi ndi yofooka sindikutsutsa, ndipo zimandiwawa chifukwa nkhani imene Akira Toriyama anaiyamba mu 1984 ndi yokoma kwambiri. Koma womasulira sanganene zimene maso sakuona. M'katuni Goku ndi kamwana ka mchira ndipo amasanduka chinyani chachikulu akaona mwezi wathunthu. Muno ndi mnyamata wa kusekondale, agogo ake akumupatsa mpira wa nyenyezi zinayi tsiku lomwe wakwanitsa zaka 18, ndipo kusandukako kukubwera ndi kadamsana. Muno agogo Gohan akufa mdani wamkulu Piccolo atawagwetsera nyumba. Mukasakaniza ziwirizi, mwana amene sanaonepo katuni asokonezeka, ndipo amene anaonera akugwirani bodza pompo. Ana amakhululuka mawu akamalira, koma bodza amalinena mokuwa anthu onse akumva.

Wa ku Mzuzu:
Nanga funso la mchira aliyankhe bwanji, achemwali? Silichoka lokha.

Wa ku Zomba:
Aliyankhe filimu isanayambe. Chizindikiro cha 20th Century Fox chikamaoneka, pali mpata wokwanira kunena kuti nkhaniyi inachokera ku Japan, katuni yake inayamba mu 1986, koma anthu a ku America anaikonza mwanjira yawo, Krillin mulibe, mchira mulibe. Mwana akauzidwa poyamba safunsanso pakati.

Wa ku Kawale:
Ndiwonjezere kamodzi, poti ndi ya ana. Ili pa PG, kutanthauza kuti ana angaonere motsogozedwa ndi makolo, koma kunyumba kwa Master Roshi, amene akusewera Chow Yun-fat, Bulma, mtsikana amene akuyenda ndi Goku, akupeza magazini ya akazi ovala zosambira. Pamenepo musaikepo nthabwala zathu zija za usiku. Makolo ena amakhala kumbuyo akumvetsera, ndipo akakhumudwa amene amataya makasitomala ndi mwini video show.

Wa ku Ndirande:
Ndayesa pa ndewu ya kuphwando, Auto Duck pa -8, ine osalankhula mpaka galimoto itaphwanyika. Kusiyana kwake ndi kwakukulu, zikomo nonse. Kungoti pa Kamehameha yomaliza, mphamvu ija Goku amatulutsa m'manja, mawu akulira pa sipika.

Wa ku Kawale:
Akufika pa 0 dB amenewo, pamene pali malire a kukwera kwa mawu. Mukasakaniza zonse, pangani Normalize pa -1 dB musanatulutse. Ndipo musamvere pa ma headphone okha. Pitani nayo pa amplifier ya ku video show komweko m'mawa anthu asanabwere, mukakhale pa benchi yakumbuyo mumve ngati mawu anu akufika.

Wa ku Ndirande:
Mawa ndikayesa konko, ndidzakuuzani mmene zayendera.