Ndithandizeni: ndikafike nthawi yanji kudambo la kunyanja yamchere?

Anzanga okonda mbalame, mwezi wamawa ndikufuna kupita kudambo lotetezedwa la m'mphepete mwa nyanja yamchere, komwe mbalame zochokera kutali zimadzatola nyongolotsi ndi tinkhono m'matope. Chandizunguza mutu ndi nthawi yofikirako. Madzi akaphwera, mbalamezo zimatsatira matope mpaka kutali, n'kumangooneka ngati timadontho. Akamabwerera, amazikankhira kufupi ndi gombe. Ndiye ndifike kutatsala maola angati kuti madzi adzaze? Poti nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, nditsatire madziwo kapena ndingolawirira m'mamawa?

Chinanso, magalasi anga oonera patali ndi a 8x42, omwe amakuza zinthu kasanu ndi katatu. Kodi angakwanire kusiyanitsa timbalame totuwa tofanana tija, kapena ndibwereke telesikopu? Sindikufuna kuyandikira mpaka kutiulutsa tili pakudya, tatopa kale ndi ulendo wautali.