Mwana wa achemwali akufuna sikolashipu ya mpira ku America, nanga m'kalasi azilowa nthawi yanji?

Malume_Kamuzu_Road

Anthu abwino ndithandizeni maganizo. Mwana wa achemwali anga, mtsikana, walemba MSCE chaka chino ndipo wakhoza bwino ndithu koma mutu wake wonse uli pa mpira wamiyendo, amasewera pakati ndipo odziwa akuti mwendo wamanzere ulipo. Ndiye pali kochi wina amene wakhala akumuthandiza kuno ku Salima, akuti atumize mavidiyo ake kumakoleji a ku America mwina angapeze sikolashipu. Nkhani yafika kwa ine malume ake kuti ndivomere kapena ndikane, mayi ake angoti zonse zili ndi inu achimwene.

Nkhawa yanga ndi iyi. Kunoko timaona, mwana akangolowa timu ya sukulu ikafika nthawi ya mpikisano amamutulutsa m'kalasi 10 koloko m'mawa kuti akakonzekere, sabata yonse choncho, mayeso akabwera palibe amene amakumbuka kuti mwanayu anagoletsa zigoli. Nanga kumeneko komwe azimulipirira fizi chifukwa cha mpirawo, sazikhala pabwalo tsiku lonse? Kodi pali malamulo oti treningi izikhala maola angati, sizoni imatalika bwanji, kapena kochi amangopanga zomwe wafuna? Ine ndikufuna abwere ndi digiri osati mabondo otupa okha.

Sir_wa_Masewera_Dwangwa

Malume, malamulo alipo ndipo ndi ambiri zedi. Bungwe lalikulu loyang'anira masewera a m'makoleji kumeneko ndi NCAA, likulu lake lili ku Indianapolis. Linayamba mu 1906 anyamata atafa angapo pa mpira wawo uja wovala zipewa zolimba, mpaka pulezidenti Theodore Roosevelt anaitana akuluakulu a makoleji mu 1905 kuti akonze zinthu. Kuchokera mu 1973 makoleji anawagawa patatu, Division I, II ndi III. Wa III uja sapereka sikolashipu ya masewera ndiye inu maso anu akhale pa awiri oyambawo.

Lamulo lomwe mukufunsali linabwera mu 1991. Sizoni ili mkati, kochi saloledwa kumugwiritsa wosewera maola opitirira 20 pa sabata, ndipo pa tsiku limodzi asapitirire maola 4. Pa sabata payenera kukhala tsiku limodzi lopuma, lopanda chilichonse cha timu. Mu maola 20 amenewo amawerengeramo treningi ya pabwalo, ku jimu ngati kochi ndi amene walamula, mitingi ya timu, kuonera mavidiyo a adani, ndi gemu yeniyeniyo. Sizoni ikatha zimatsika kufika maola 8 pa sabata, masiku opuma awiri, ndipo kwambiri kumakhala kulimbitsa thupi basi. Ku Division I timu yomwe sili mu sizoni imasiya treningi kukatsala sabata imodzi kuti mayeso a kumapeto a semesita ayambe, mpaka mayeso atha.

China chomwe chikukhudza nkhawa yanu mwachindunji, mwana saloledwa kujomba kalasi chifukwa cha treningi. Chifukwa cha gemu kapena ulendo wa gemu inde, koma zomutulutsa m'kalasi 10 koloko kuti akathamange zija ndi mlandu, koleji imalangidwa. Koleji iliyonse ili ndi ofesi yongoyang'ana kuti malamulowa akutsatidwa, makochi amalemba maola a sabata iliyonse n'kukapereka kumeneko.

Za sizoni, mpira wamiyendo wa m'makoleji ndi waufupi modabwitsa. Atsikana amayamba magemu mu Ogasiti, pofika kumayambiriro kwa Novembala ligi yatha, matimu 64 amalowa m'chikho cha dziko lonse ndipo fainolo imakhala mu Disembala. Ife tinazolowera ligi yoyamba cha mu Epulo n'kukatha mu Disembala, iwo zonse amazipanikiza m'miyezi itatu kapena inayi.

Dolo_wa_Chipoka

Kkkk a Sir mwawerenga bwino buku koma musawanamize malume. Maola 20 amenewo ndi a papepala. Funsani zomwe SAKUWERENGA. Tsiku la gemu amaliwerenga maola 3 basi, kaya mwafika pabwalo 12 koloko masana n'kuchoka usiku, papepala alemba 3. Ulendo sawerenga, ndipo dziko lija ndi lalikulu, gemu ya koyenda ikhoza kukhala ya pandege, kunyamuka lachitatu kubwerako lolemba m'bandakucha. Nthawi yokamangitsa bondo kwa a fizio sawerenga. Ndiye pali ina ija amati treningi yodzifunira wekha, imeneyo sawerenganso, koma aliyense amadziwa kuti osapitako Loweruka ukhala pabenchi. Kudzifunira kwake kuti pamenepo?

Komanso malire a maola 20 aja sagwira sukulu isanatsegulidwe, nthawi yokonzekera sizoni mu Ogasiti muja, ndi pa holide. Ndiye nthawi yomwe mwana wangofika kumene, sanazolowere chakudya, sanazolowere chilichonse, ndi yomwe amakhetsa thukuta kwambiri.

Sindikungolankhula ine. Mu 2014 osewera mpira wa zipewa a ku Northwestern University anatengera nkhani yawo ku bungwe la boma loona za apantchito kufuna kukhala ndi yuniyoni, ndipo zinatuluka poyera kuti sizoni ili mkati amataya maola 40 mpaka 50 pa sabata pa za mpira. Imeneyo ndi ntchito yathunthu aise. University of Michigan nayo inalangidwa mu 2010 chifukwa chopitiriza maola a treningi, nkhani inayamba ndi nyuzipepala osewera ataulula. Zomwe zinagwidwa ndi zimenezo, nanga zosagwidwa. Mwana wa ku Salima amene fizi yake, chakudya chake ndi pogona pake zili m'manja mwa kochi angapite kukamuneneza kuti tapitirira ndi maola awiri? Amangosaina fomu n'kukagona.

Nabanda_ku_Ohio

Malume moni, kwathu ndi ku Linga koma ndili kuno ndikuphunzira, sindimasewera ayi koma m'kalasi timakhala nawo atsikana a timu ndiye ndimaona. A Sir akunena zoona, a Dolo akunenanso zoona, koma onse awiri akuyang'ana wotchi. Chomwe chimamusunga mwana m'kalasi kuno si maola 20 ayi, ndi lamulo loti ukapanda kukhoza susewera.

Ku Division I uyenera kukhala wolembetsa makosi okwana makirediti (mapointi omwe kosi iliyonse imakhala nawo) 12 pa semesita, ukangotsika pamenepo ngakhale treningi sakulola. Semesita iliyonse ukhoze makirediti osachepera 6 kuti usewere yotsatira. Polowa chaka chachitatu ukhale utamaliza 40% ya digiri yako, chachinayi 60%, chachisanu 80%. Magiredi nawo ali ndi malire ake omwe amakwera chaka ndi chaka. Ndiye kochi yemweyo amene akufuna mwana pabwalo ndi amene amachita mantha kwambiri mwana akalephera, chifukwa wataya wosewera. Mapeto ake amawaikira maola owerenga mokakamiza, amawapezera owathandiza maphunziro ulere, ena mpaka amatumiza munthu kukasuzumira ngati alowadi m'kalasi. Ife enafe palibe amatilondola choncho.

Koma kutopa kokha musanamizidwe, amatopa. Seputembala ndi Okutobala amasewera magemu awiri pa sabata, nthawi zambiri Lachinayi kapena Lachisanu kenako Lamulungu, ndiye lolemba m'mawa umawaona alowa m'kalasi atamanga ayisi pabondo maso ali psuu. Ma asainimenti amalembera mu basi. Ikafika Januwale mpaka Meyi ndiye amapumako, kumakhala timagemu tochepa tongoyeserera, ndipo anzeru makosi ovuta amawasungira semesita imeneyo.

Pamene ndingakuchenjezeni ndi pa kosi yomwe akufuna. Ngati akufuna unesi kapena za mu labu zomwe zimafuna masana onse, zimawombana ndi treningi, ndipo ndaonapo ana akukankhidwira ku kosi yopepuka kuti ndandanda ya timu iyende. Palibe lamulo lomwe lathyoledwa pamenepo, amangokuuza mokoma kuti kosi imeneyi ikuvuta mwana wanga, ndipo mwana woleredwa kwathu kuno wamkulu akalankhula choncho amangoti chabwino. Digiri abwera nayo, funso ndi loti digiri yake iti.

Makoleji akuluakulu kwambiri a Division I anawonjezera malamulo ena mu 2017, oti usiku pazikhala maola 8 opanda zochita za timu, komanso sizoni ikangotha osewera apume masiku 7 otsatizana. Koma si koleji iliyonse yomwe imatsata zimenezo ndiye muzifunsa.

Malume_Kamuzu_Road

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Mayi Nabanda, iyeyo amanena za unesi kumene ndiye pamenepo mwandiopsa. Tsono ine ndimaganiza kuti ayambe wadikira zaka ziwiri kapena zitatu, azisewera ligi ya amayi konkuno akhwime kaye, mwinanso apange kakosi kena pa Salima Technical, ndiye adzapite ali wamkulu wodziwa kudziyankhulira. Pali vuto pamenepo?

Sir_wa_Masewera_Dwangwa

Malume pamenepo ndiye pali dzenje lenileni, bola mwafunsa. Ku Division I mwana amakhala ndi masizoni 4 osewera mkati mwa zaka 5, ndi lamulo lomwe lakhalapo nthawi yaitali. Zaka 5 zimenezo zimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe walembetsa ngati wophunzira wa nthawi zonse pa koleji ina iliyonse, ngakhale ya kunja kwa America. Ndiye kakosi mukunenako kakhoza kuyambitsa wotchi mwana ali konkuno, muyambe mwafunsa musanamulembetse.

Chachiwiri, akamaliza sekondale amamupatsa chaka chimodzi chokha chongokhala. Chikadutsa chimenecho, chaka chilichonse chomwe wasewera mpira wa m'ligi, wokhala ndi oyimbira, mayunifomu ndi ndandanda ya magemu, amamudula sizoni imodzi. Mukamusunga zaka zitatu akusewera kuno akafika kumeneko atatsala ndi masizoni awiri, ndipo kochi sangataye sikolashipu pa munthu wotero pamene pali mwana wa zaka 18 yemwe ali ndi masizoni onse anayi. Anaika lamuloli kuti akuluakulu okhwima kale asamakapikisane ndi ana ongochoka kumene kusekondale.

Za ndalama samalaninso. Timu ikamamupatsa ya transipoti ndi chakudya palibe vuto, koma malipiro opitirira zomwe wawononga kapena kusaina kontrakiti ya ukatswiri zikhoza kumutsekera khomo. Zonsezi amazifufuza ku NCAA Eligibility Center, mwana amalembetsa yekha pa intaneti, amatumiza zotsatira za kusekondale ndi mbiri ya matimu onse omwe wasewerako. Asabise kanthu, masiku ano zithunzi za timu zili mbwee pa Facebook.

Njira ina yomwe ana ambiri a ku Africa amadzera ndi makoleji a zaka ziwiri, omwe ali pansi pa bungwe lina la NJCAA, palinso lina la NAIA koma ilo ndi la makoleji a zaka zinayi. Malamulo awo ndi osiyana ndi a NCAA ndipo kulowa kwake n'kosavutirapo.

Dolo_wa_Chipoka

Ine ndingowonjezera kuti ngati cholinga ndi mpira weniweni koleji si njira yokhayo. Temwa Chawinga sanadzere koleji ya ku America, anadzera ku Sweden ndi ku China, atafika ku Kansas City Current mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi chaka choyamba chomwecho n'kutenga mphoto ya wosewera wapamwamba. Ndiye mufunseni mwanayo bwinobwino akufuna chani, kukhala Temwa kapena kukhala nesi yemwe fizi yake inalipiridwa ndi mpira, chifukwa ndi njira ziwiri zosiyana. Sizoni ya miyezi itatu ija munthu sungakhwime nayo ngati wa ligi ya chaka chonse.

Ndipo asamve zoti osewera a m'makoleji ayamba kulandira ndalama n'kuyamba kulota. Zoona kuyambira Julayi 2021 amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo potsatsa malonda, ndipo mu 2025 khothi linavomereza kuti makoleji aziwalipira okha mwachindunji, koma zambiri zimapita ku mpira wa zipewa ndi basiketibo ya amuna, komanso wobwera pa viza ya sukulu saloledwa kugwira ntchito mwachisawawa. Aja a ntchemberembaye ndiye asavutike n'komwe, NCAA ilibe masewera amenewo.

Mai_a_Shalom_SengaBay

Koma mwana wokulira kutentha kwa Salima mu Okutobala treningi ya Ogasiti ingamuopse? Kkkk. Chodetsa nkhawa ndi chisanu cha Novembala, mugulireni majuzi malume. Ine wanga ndinamukaniza mpira ali folomu 2, pano amangondiyang'ana Scorchers ikamasewera pa TV.

Nabanda_ku_Ohio

Mai a Shalom chisanucho musachitchule, magemu omaliza a sizoni ena amasewera atavala magolovesi.

Malume, kochi wa kuno akayankha mavidiyowo pemphani kuti pa foni mukhalepo inuyo, amalola makolo. Mufunseni ngati pa timu yake pali mtsikana amene akuphunzira unesi panopa, ndipo ngati alipo akupatseni mwayi mwana wanu alankhule naye yekha kochi palibe. Mufunsenso kuti sikolashipuyo ndi yathunthu kapena yachidutswa, chifukwa ku mpira wamiyendo ambiri amapatsidwa gawo chabe, yotsalayo mulipira ndinu mu madola. Afotokoze ngati ndi ya chaka chimodzi yomaonjezera kapena ya zaka zonse, komanso akavulala bondo chaka choyamba chimachitika n'chani. Yankho lililonse libwere pa imelo osati pakamwa. Ndipo munthu wina aliyense wa pakati akakuuzani kuti tumizani ndalama pa foni kuti malo asungidwe, imbirani ofesi ya masewera ya kolejiyo kaye, nambala zake zimakhala pa webusaiti yawo.